Joseph Takahashi ndi mbewa yochedwa kudzuka

Kuno ku Ntcheu mbewa si nyama yachilendo. Chimanga chikachoka m'munda, anyamata amalowamo ndi makasu ndi misampha, ndipo aliyense woyenda pa msewu wa M1 m'miyezi yozizira waonapo mbewa zopanidwa pa timitengo zikudikira ogula. Anyamatawa amadziwa kuti mbewa imayenda usiku, n'chifukwa chake msampha amatchera madzulo n'kukauona m'bandakucha. Koma kodi mbewayo imadziwa bwanji kuti kwada? Ambiri tinganene kuti imaona mdima. Komatu mukaitsekera m'chipinda chamdima wokhawokha kwa milungu ingapo, kopanda dzuwa, kopanda kulira kwa tambala, imapitirizabe kudzuka ndi kugona pa nthawi yake. Chimene chimasintha n'chakuti tsiku lake limafupikirako pang'ono, osakwana maola 24. Wotchi ili m'thupi mwake momwemo.

Ndine mphunzitsi wa Biology pa sukulu ina ya sekondale m'boma lino, ndipo silabasi yathu siyikhudza kwenikweni za wotchi imeneyi. Ndinayamba kuziwerenga pandekha, ndipo dzina limene limangobwerabwera linali la Joseph Takahashi. Ndikufuna ndikuuzeni za munthuyu, chifukwa ntchito imene anaiyambira pa mbewa za ku America inadzafika pa malungo ndi kaodzera, matenda amene ife timawadziwa ndi maliro.

Takahashi anabadwira ku Tokyo mu 1951, koma maphunziro ake anachitira ku America. Digiri yoyamba anaitenga ku Swarthmore College mu 1974, ndipo ya udokotala wa sayansi anaimaliza ku University of Oregon mu 1981, motsogoleredwa ndi Michael Menaker, mmodzi wa akuluakulu pa kafukufuku wa wotchi ya m'thupi. Pa nthawiyo ankagwira ntchito ndi anapiye. Mu ubongo muli kachiwalo kotchedwa pineal kamene kamatulutsa melatonin, mankhwala achilengedwe amene amachuluka m'magazi usiku. Iye ndi anzake anaona kuti kachiwalo ka mwanapiye, ngakhale kachotsedwe m'mutu n'kuikidwa m'mbale ya mu labotale, kamapitirizabe kutulutsa melatonin motsata usana ndi usiku. Mu 1983 anayamba ntchito ku Northwestern University, kufupi ndi Chicago, ndipo anakhalako zaka 26.

Pamene ankafika kumeneko, zinthu ziwiri zinali zitadziwika kale. Mu 1971 Ronald Konopka ndi Seymour Benzer anali atapeza kuti jini imodzi, kachigawo ka DNA kosunga malangizo a kapangidwe ka thupi, ikasokonekera mwa tintchentche ta pa zipatso, tsiku la tintchentcheto limasintha. Tina tinkakhala ndi tsiku la maola 19, tina la maola 28, tina tinalibiretu nthawi. Jiniyo anaitcha period. Chaka chotsatira, magulu awiri a ofufuza anapeza kuti mu ubongo wa makoswe muli kagulu ka maselo, pamwamba penipeni pa malo amene mitsempha ya maso awiri imapingasana, ndipo kakawonongeka nyamayo imasiya kusunga nthawi. Kaguluka amakatcha SCN mwachidule, ndipo kali ndi maselo pafupifupi 20,000 okha.

Komabe ntchentche ndi ntchentche. Asayansi ambiri ankakayika ngati khalidwe la nyama yoyamwitsa, yokhala ndi ubongo waukulu, lingasinthe chifukwa cha jini imodzi. Chimene chinagwedeza maganizo amenewa chinachitika mwangozi mu labotale ya Menaker. Wophunzira wake, Martin Ralph, anapeza hamster, kanyama kofananako ndi khoswe, kamene kankadzuka msanga kuposa tinzake. Zidzukulu zake zimene zinatengera vutoli kwa makolo onse awiri zinkakhala ndi tsiku la maola 20. Anafalitsa zimenezi mu 1988. Mu 1990 anachita chinthu chimene mpaka lero chimandidabwitsa ndikachiganizira. Anatenga SCN ya hamster ya maola 20 n'kuiika mu ubongo wa ina imene SCN yake inali itawonongedwa. Yolandirayo inayambiranso kusunga nthawi, koma nthawi yake inali ya mwini kachiwaloko, maola 20. Vuto linali lakuti pa nthawiyo majini a hamster anali asanafufuzidwe mokwanira, choncho panalibe njira yolozera jini imene inali ndi vutolo.

Takahashi anaganiza zosiya kudikira ngozi ina, ndipo anatembenukira ku mbewa, imene majini ake ankadziwikako bwino. Iye ndi anzake ankabaya mbewa zazimuna mankhwala otchedwa ENU, amene amasintha DNA ya mu mbewu ya nyamayo mwachisawawa. Ana obadwa kwa mbewa zimenezo ankaikidwa aliyense m'khola lake, muli gudumu lothamangirapo. Mbewa imakonda kuthamanga pa gudumu ikadzuka, ndipo kompyuta inkalemba nthawi iliyonse gudumu likazungulira. Akazimitsa magetsi kwa milungu, ankaona pa pepala kuti tsiku la mbewa iliyonse ndi lalitali bwanji. Mbewa ili ndi majini oposa 20,000, ndipo ENU sasankha pogwera. Kunali kotheka ndithu kuyeza mbewa zikwizikwi, zaka n'kumapita, ndalama n'kumatha, osapeza kanthu. Munthu amene anali ndi ntchito yabwino kale ndi mbiri yabwino pa kafukufuku wa mbalame anasankha kuika zonsezo pachiswe.

Mwa mbewa pafupifupi 300 zimene anayeza, Martha Vitaterna, amene ankatsogolera ntchitoyi, anapeza imodzi imene tsiku lake linali lotalika ndi ola limodzi. Zinzake zinkamaliza tsiku m'maola pafupifupi 23.7, iyo m'maola 24.8. Tsiku lililonse inkachedwerako kudzuka. Ataiswanitsa, zidzukulu zimene zinatengera vutolo mbali zonse ziwiri zinkakhala ndi tsiku la maola 27 mpaka 28, ndipo zikakhalitsa mumdima nthawi inkazisokonekera kotheratu. Jiniyo anaitcha Clock, ndipo anafalitsa zimenezi m'magazini ya Science mu 1994.

Kudziwa kuti jini ilipo ndi kwina, kuigwira ndi kwinanso. Mapu onse a DNA ya mbewa anadzatuluka mu 2002, ndiye mu 1994 ankafufuza mopapasa. Ankadziwa kuti ili pa chromosome 5, umodzi mwa mitolo ya DNA ya m'selo, basi. Gulu lake linagwira ntchito zaka zitatu, kuswanitsa mbewa zambirimbiri n'kumachepetsa malo ofufuzapo pang'onopang'ono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa zinali choncho kumene. Mu 1997 anaipeza. Kusiyana kwa mbewa yochedwa ija ndi zinzake kunali chilembo chimodzi cha DNA, pamene panayenera kukhala A panali T, ndipo chifukwa cha chimenecho puloteni yopangidwa ndi jiniyo inkatuluka yoduka. Pofuna kutsimikiza, anaika jini yabwino mwa mbewa zavutolo, ndipo wotchi yawo inabwerera mwakale. Iyi inali jini yoyamba ya wotchi kupezeka mwa nyama yoyamwitsa. Ife anthu tilinayonso.

Mmene wotchiyi imayendera ndi zosavuta kuzimva kusiyana ndi mmene mayina ake amaopsera. M'selo muli mapuloteni awiri, CLOCK ndi BMAL1, amene amagwirana n'kuyatsa majini ena otchedwa Period ndi Cryptochrome. Majini amenewa amapanga mapuloteni awo, amene amachuluka pang'onopang'ono, ndipo akachuluka amapita kukatsekereza CLOCK ndi BMAL1 amene anawayatsa aja. Ndiye kupanga kumaima. Mapuloteni otsekerezawo amaphwanyidwa m'kupita kwa maola, njira n'kutseguka, zonse n'kuyambiranso. Ulendo umodzi umatenga maola pafupifupi 24. Mu 2000 labotale ya Takahashi inapezanso chimene chinkavuta hamster ya Ralph ija: puloteni yotchedwa casein kinase 1 epsilon, imene imalamulira kuti mapuloteni a Period aphwanyidwe mofulumira bwanji. Chaka chotsatira Louis Ptáček ndi Ying-Hui Fu anapeza kuti banja lina la ku Utah, limene anthu ake ankagona kukangoda n'kudzuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, linali ndi vuto pa jini ya Period, pamalo amene puloteni yomweyo imagwirapo. Tikamanena kuti uje ndi wakhama chifukwa amalawira, uje ndi waulesi chifukwa dzuwa limamutulukira ali pa mphasa, tizikumbukira kuti gawo lina la zimenezo munthu amabadwa nalo.

Kafukufuku wake amene ndimamukonda kwambiri ndi wa mu 2004. Anatenga jini imene imachititsa chiphaniphani kuwala n'kuilumikiza ku jini ya Period ya mbewa, kuti selo iziwala wotchi yake ikamagunda. Atadula tizidutswa ta chiwindi, mapapo ndi ziwalo zina n'kutiika m'mbale, tinkawala ndi kuzilala tsiku ndi tsiku, tina kwa masiku oposa 20, popanda ubongo wotiuza chochita. Ndiye kuti chiwalo chilichonse chili ndi wotchi yakeyake. Nanga SCN ntchito yake n'chiyani? Ili ngati wotsogolera kwaya. Woimba aliyense nyimbo amaidziwa, koma wotsogolera akachoka wina amathamanga, wina amatsalira. Mwa mbewa zimene SCN inawonongedwa, ziwalo zinkasungabe nthawi, koma chilichonse payokha.

Mu 2017 mphoto ya Nobel pa nkhani ya wotchi ya m'thupi inapita kwa Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, amene anagwira ntchito ndi tintchentche tija ndipo anaigwira jini ya period mu 1984. Mphotoyo inawayenera, ndipo lamulo lake sililola anthu oposa atatu. Koma ine mtima umandiuza kuti Takahashi anali woyeneranso. Ngakhale mwa ntchentche, jini ya Clock inadzapezeka mu 1998, ya mbewa itadziwika kale. Analandira mphoto ina yaikulu, ya Gruber, mu 2019. Komabe kwa ine kukula kwa ntchito yake kumaonekera pa zinthu zina. Mbewa za Clock ndi mbewa zowala zija zikugwiritsidwa ntchito m'malabotale a m'mayiko ambiri, ndi anthu ofufuza za shuga, khansa ndi mtima amene mwina sanakumanepo naye n'komwe. Ndipo amene anaphunzira pansi pake akutsogolera kafukufuku wawo.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikumukhudza bwanji mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano. Tiyambe ndi chakudya. Mu 2005 ofufuza a ku Northwestern, Takahashi ali m'gulumo, anaona kuti mbewa za Clock zinkadya nthawi ina iliyonse, ngakhale nthawi yogona, ndipo zinkanenepa, shuga ndi mafuta n'kuchuluka m'magazi. Atasamukira ku UT Southwestern mu mzinda wa Dallas mu 2009, anapitiriza kufufuza nkhaniyi. Mu 2022 gulu lake linafalitsa zotsatira za kafukufuku wa zaka zinayi. Mbewa zimene anazichepetsera chakudya ndi 30 peresenti, n'kumazipatsa pang'onopang'ono usana ndi usiku, zinakhala ndi moyo wotalikirapo ndi 10 peresenti. Zimene zinkalandira chakudya chomwecho, muyezo womwewo, koma usiku wokha, nthawi imene mbewa imakhala maso mwachibadwa, moyo wawo unatalika ndi 35 peresenti. Izi zinali mbewa, zazimuna zokhazokha, ndipo palibe amene ayenera kuchepetsa chakudya cha mwana kapena cha wodwala chifukwa cha nkhaniyi. M'dziko limene mabanja ambiri amagona ndi njala mu Januwale ndi Febuluwale, kudya pang'ono si uphungu woti munthu n'kuupereka mwachibwana. Chimene ndikutolapo ine ndi nthawi. Ambiri amene timagwira ntchito timadumpha cham'mawa, masana n'kudya kachinangwa, nsima yeniyeni n'kudzaidya usiku kwambiri titatsala pang'ono kugona. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchuluka pakati pathu, ndipo ola limene mphika umaphulidwa ndi chinthu chimene banja lingasinthe osawononga ndalama.

Kuwala nako kwasintha. Wotchi ya munthu payokha imatenga maola 24 ndi mphindi pafupifupi 11, malinga ndi zimene Charles Czeisler ndi anzake anapeza mu 1999, ndipo kuwala kolowa m'maso ndi kumene kumaikonza tsiku lililonse. Kuwala kwa m'mawa kumaikokera kutsogolo, kwa usiku kumaichedwetsa. Pali kafukufuku wa mu 2017 amene anachitika pafupi nafe, ku Mozambique, kuseri kwa malire a ku Muloza. Anayerekeza anthu a m'tauni ya Milange, kumene kuli magetsi, ndi a m'mudzi wa Tengua, kumene kunalibe. A m'tauni ankagona mochedwa ndi ola limodzi, koma tulo tawo sitinali tochepa, chifukwa ankadzukanso mochedwerako. Choncho magetsi paokha si mdani. Vuto limabwera munthu akagona mochedwa chifukwa cha babu la sola ndi foni, belu la m'mawa lili pomwe linali.

Zimenezi ndimaziona m'kalasi. Mayeso a MSCE akayandikira, ana a Fomu 4 amawerenga mpaka pakati pa usiku, ena n'kudzukanso 3 koloko, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tithawe. Ife aphunzitsi timawayamikira. Koma zimene mwana waphunzira masana zimakhazikika mu ubongo iye akagona, ndipo wotchi ya achinyamata mwachibadwa imachedwerako kuposa ya akulu. Mwana wosinza pa phunziro loyamba nthawi zambiri sikuti ndi wamwano. Ndimawauza kuti awerenge madzulo ndi mtima wonse, kenako akagone.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi ogwira ntchito usiku: alonda, anamwino, madalaivala a malole, amayi amene amakwera galimoto ya kabichi pa Lizulu usiku kuti akafike ku msika wa m'tauni kusanache. Bambo wina wachikulire, mlonda wa zaka zambiri, ndinamufunsa tsiku lina m'mawa akuweruka.

"Madala, mukakafika kunyumba mumagona ndithu?"

"Aphunzitsi, kugona ndimagona, koma tulo ta masana sitikhutitsa. Ukadzuka thupi limakhala ngati lamenyedwa."

Akunena zoona, ndipo sayansi ikuwavomereza. SCN imatsata dzuwa, chiwindi chimatsata kwambiri nthawi ya chakudya, ndiye munthu amene amadya ndi kugwira ntchito usiku ziwalo zake zimakokana. Nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa mu 2007, ndipo inabwerezanso mu 2019. Ntchito za usiku sizingathe, chipatala sichingatseke. Koma amene timalemba ntchito mlonda pakhomo pathu tingathe kumupatsa masiku opuma, ndiponso kusiya kumutuma kukalima kudimba akangoweruka.

Mbali imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya tizilombo. Filipa Rijo-Ferreira, wasayansi wa ku Portugal, anaphunzira pansi pa Luísa Figueiredo ku Lisbon ndi Takahashi ku Dallas, ndipo anafunsa funso limene anthu a mbewa zothamanga pa gudumu sankaliganizira: kodi tizilombo tolowa m'thupi mwathu tilinso ndi wotchi? Anayamba ndi ta kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi kashembe, amene kuno kwathu amapezeka kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza. Mu 2017 anasonyeza kuti tizilomboti, ngakhale tili m'mbale, timasunga nthawi, ndipo mphamvu ya mankhwala a suramin potipha imasiyana malinga ndi ola. Mu 2018 anasonyeza kuti tikalowa m'thupi la mbewa timafupikitsa wotchi yake. Izi zikugwirizana ndi zimene madokotala amaona mwa odwala: sikuti amagona maola ochuluka kwambiri kuposa anthu ena, koma tulo tawo timabalalika, kusinza masana, kukhala maso usiku.

Kenako anatembenukira ku malungo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880, pamene Camillo Golgi ankayang'ana magazi a odwala ku Italy, zinkadziwika kuti thupi limatentha pa nthawi imene tizilombo taphulitsa maselo ofiira a magazi, ndipo timaphulitsa tonse pamodzi. Mtundu wofala kuno, Plasmodium falciparum, umatenga maola pafupifupi 48 pa ulendo umodzi, ngakhale kuti mwa odwala ambiri kutentha sikutsata ndondomeko yooneka bwino choncho. Kwa zaka zoposa 100 ambiri ankaganiza kuti tizilomboti timangotsata wotchi ya munthu amene tamulowa. Mu 2020 Rijo-Ferreira, Takahashi ndi anzawo anafalitsa mu Science zimene anapeza pa malungo a mbewa. Anaika mbewa mumdima, anazisinthira nthawi ya chakudya, anagwiritsa ntchito mbewa zopanda wotchi n'komwe, koma tizilombo tinkasungabe nthawi. Atatiika mwa mbewa za tsiku lalitali, tinkasintha pang'onopang'ono kuti tifanane nazo. Tizilomboti tili ndi wotchi yawoyawo, imene imamvera ya mwini thupi. Gulu lina la ku Duke University linapeza zofanana pa Plasmodium falciparum m'mbale, ndipo zinatuluka nthawi imodzi.

Mankhwala atsopano sanatulukebe pa zimenezi, ndipo palibe chifukwa chosinthira kamwedwe ka LA kamene achipatala akupatsani, kapena kusiya kugona mu neti. Koma taonani kuti kafukufukuyu sakanatheka popanda mbewa za wotchi yosokonekera, zimene zinapangidwa ndi anthu amene sankaganiza za malungo m'pang'ono pomwe. Nthawi zambiri timati dziko losauka lisamataye ndalama pa sayansi imene phindu lake silikuoneka lero. Ndikumvetsa, chifukwa mankhwala m'zipatala ndi ofunika lero lomwe. Koma pakati pa mbewa ya 1994 ndi malungo a 2020 panadutsa zaka 26, ndipo palibe akanalosera kuti njirayo idzatulukira kumeneko.

Rijo-Ferreira tsopano ali ndi labotale yake ku University of California, Berkeley. Odwala malungo ndi kaodzera ali kuno, ndipo luso lofufuza liliponso. Mankhwala akumwa a kaodzera otchedwa fexinidazole anayesedwa pa odwala a ku Rumphi ndi a ku Uganda asanavomerezedwe pa mtundu wa kaodzera wa kuno, ndipo ku Blantyre kuli Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi-Liverpool-Wellcome, kumene kafukufuku wa malungo wachitika kwa zaka zambiri. Ndikanakonda ofufuza athu atayamba kufunsa za ola. M'buku la kuchipatala timalemba tsiku, sikelo ndi kutentha kwa thupi. Titamalembanso ola limene mwana anayamba kutentha, ola limene magazi anatengedwa ndi ola limene anamwa mankhwala oyamba, m'zaka zochepa tingakhale ndi zolembedwa za odwala enieni zimene labotale ya ku Dallas singazipeze pa mbewa.